Kodi kudula sayilensa kumawonjezera mphamvu ya injini?

Owerenga wina wa ku Blantyre wandilembera kuti Toyota Corolla yake, ya injini ya 1NZ-FE, ikumalemera pokwera chitunda cha Thabwa pochokera ku Chikwawa. Mnzake wamuuza kuti achotse sayilensa ya kufakitale, aike paipi yaikulu ndi ma headers, omwe ndi mapaipi apadera olandira utsi pochoka m'masilinda a injini, kuti "injini izipuma bwino". Akufunsa ngati nzoona.

Achimwene, sayilensayo isiyeni. Ntchito yake ndi kuzunguliza utsi m'tizipinda ndi m'timapaipi tobowolabowola kuti phokoso lichepe. Imatchingako utsi pang'ono, inde, koma pa injini ya malita 1.5 imene sinasinthidwe kalikonse, mukaidula chimene mupeze chochuluka ndi mkokomo basi. Khutu limanamiza: galimoto ikamabangula, woyendetsa amaganiza kuti ikuthamanga.

Nkhani ya ma headers ndiye yokoma. Utsi sutuluka ngati madzi a pampopi, umatuluka mwa apo ndi apo, silinda iliyonse panthawi yake, mwa dongosolo la 1-3-4-2. Utsi wa silinda imodzi ukadutsa mwaliwiro, umasiya kumbuyo kwake mpweya wochepa, ndipo malo amenewo amakoka utsi wa silinda yotsatira. Ma headers abwino amakhala ndi mapaipi otalika mofanana kuti kukokako kufike pomwe vavu yotulutsira utsi ili chitsegukire. Silinda ikayera bwino, mumalowa mpweya wambiri watsopano, mphamvu nkukwera. Amtundu wa 4-2-1 amayamba aphatikiza silinda 1 ndi 4, kwinaku 2 ndi 3, ndipo amathandiza injini ikamazungulira mwapakatikati. A 4-1, ophatikiza mapaipi onse anayi malo amodzi, amaonetsa ntchito yawo singano yoonetsa kuzungulira kwa injini ikakwera kwambiri. Tsono 1NZ-FE imafika pachimake cha mphamvu zake ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi (6,000 rpm). Inuyo mumafikako kangati mutanyamula banja ndi matumba a mpunga?

Paipi yaikulu ndiyo ingakulirizeni. Utsi wochepa ukalowa m'paipi yotakasuka umataya liwiro, kukoka kuja nkufooka, ndipo galimoto imayamba ulesi podzuka ndi pokwera, pomwe inu mukudandaula pomwepo. Anthu amati injini imafuna kutchingidwa pang'ono, koma ayi, chimene imafuna ndi liwiro la utsi. Komanso ma headers ongowotcherera mwa diso, osayeza utali, ndi kutaya ndalama.

Ine ndikukayikira catalytic converter, mbali ya paipi ya utsi imene imachepetsa poizoni wa mu utsiwo. Mkati mwake muli timabowo tonga chisa cha njuchi, ndipo ikasungunuka kapena kutsekeka, galimoto imalira bwinobwino itaima koma nkutha mphamvu pachitunda. Makaniko ayeze mphamvu ya utsi pabowo la oxygen sensor (sensa yoyeza okosijeni mu utsi) yakutsogolo, aonenso sefa ya mpweya, mapulagi ndi pampu ya mafuta. Catalytic converter ikapezeka yotsekeka, ikani ina. Mukangoikolokosa nkusiya chibowo, galimoto izitulutsa utsi wapoizoni wochuluka, ndipo ngati ili ndi sensa yachiwiri kumbuyo, nyale ya check engine ikhoza kuyaka ndi nambala P0420.