F-150 kapena F-250? Tsegulani kaye chitseko cha dalaivala

Bambo wina wa ku Indiana wandilembera imelo. Akufuna kugula kalavani yogonamo ya mafiti 33, imene kabuku kake kakuti imalemera mapaundi 7,600. M'banja alipo asanu, ndipo wogulitsa galimoto wawatsimikizira kuti pikapu ya Ford F-150 yolembedwa kuti imakoka mapaundi 13,000 ikwana bwinobwino. Akufunsa ngati agule imeneyo kapena akwere ku F-250, pikapu yaikulupo ya Ford yomweyo, ndiponso ngati ikhale ya dizilo kapena ya petulo.

Achimwene, mawu a wogulitsayo ndi amene andiyabwa. Sananame ayi, 13,000 ilipodi papepala. Koma nambala imeneyo imachokera ku mayeso a SAE J2807, amene makampani a galimoto amayezera mphamvu zokoka, ndipo mayesowo amawerengera anthu awiri okha m'galimoto, aliyense wa mapaundi 150. Amaikweza pa chitunda cha Davis Dam ku Arizona, amayesa mabuleki ndi kutentha kwa injini, zonsezo n'zoona. Ana anu atatu mulibemo, kulibe jenereta kumbuyo, kulibe njinga. Komanso nambala yaikuluyo ndi ya F-150 imodzi yokha, yokhala ndi injini, kabini ndi magiya a ekisero oyenera. Imene yaima pabwalo la wogulitsa ikhoza kukhala ina.

Chimene chimatha msanga pa pikapu ndi payload, kulemera kumene galimotoyo ingasenze pamsana pake. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pamphuthu pali kapepala kachikasu ndi koyera kolembedwa Tire and Loading Information. Kamanena kuti anthu ndi katundu pamodzi asapitirire mapaundi akutiakuti. Nambala imeneyo ndi ya galimoto imeneyoyo, monga inatulukira kufakitale ndi zonse zimene anaikamo. Mapikapu awiri a mtundu umodzi oimikidwa moyandikana amatha kusiyana ndi mapaundi mazana angapo, chifukwa denga lagalasi, mipando yachikopa yamagetsi ndi 4x4 zonse zimadya payload.

Tiyeni tiwerenge. Choyamba iwalani 7,600. Kumeneko ndi kulemera kwa kalavani yopanda kanthu, mulibe madzi, mapoto, zofunda ngakhale ufa. Galoni imodzi ya madzi ndi mapaundi 8.3, ndiye thanki ya magaloni 50 yokha ndi 415. Gwiritsani ntchito GVWR ya kalavaniyo, malire a kulemera kwake ikadzaza, yomwe mu imelo yanu mwati ndi 9,500. Kalavani yotere imafuna kuti pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya kulemera kwake kutsamire pa hitch, chitsulo cha kumbuyo kwa pikapu chomangirirapo kalavani. Tikatenga 13 peresenti tipeza mapaundi 1,235. Hitch yogawa kulemera, weight distribution hitch, payokha ndi pafupifupi 100. Akulu awiri ndi ana atatu tiyerekeze 650. Katundu wa kumbuyo, 250. Zonse pamodzi 2,235, kupitirira pang'ono makilogalamu 1,000. F-150 zambiri za zitseko zinayi zimene anthu amagula, kapepala kake kamasonyeza pakati pa 1,500 ndi 1,900. Mwadutsa malire musanatuluke pageti, ndipo anawo akukula.

Wina anena kuti ingosunthirani katundu kumbuyo kwa kalavani kuti kutsogolo kupepuke. Musayerekeze. Kulemera kwa pa hitch kukatsika pansi pa 10 peresenti kalavani imayamba kugwedeza mchira, thiraki yaikulu ikakudutsani pa msewu waukulu wa I-65 mphepo yake imaikankha, kugwedezako kumakula, ndipo pikapu yopepuka imatengedwa ndi ngolo yakeyomwe. Zikayamba, musaponde buleki mwamphamvu ndipo musalimbane ndi chiwongolero. Chotsani phazi pamoto, gwirani chiwongolero mowongoka, finyani kachogwirira ka brake controller, kachipangizo ka m'kabini kolamulira mabuleki a kalavani, kuti mabuleki a kalavani okha agwire. Ngozi zambiri zotere injini siikhala ndi mlandu, mphamvu zokoka zimakhalapo zokwanira.

Kwathu tinazolowera kuona pikapu itasenza matumba a chimanga mpaka kumbuyo kukhala pansi, mphuno ikuloza kumwamba, n'kumati bola ikuyenda. Maganizo amenewo asiyeni pa bwalo la ndege. Kumbuyo kukatitimira, matayala akutsogolo amapepuka, ndiye chiwongolero ndi mabuleki zimachepa mphamvu, pamene inu mukuthamanga mamailosi 65 pa ola ndi khoma la mafiti 33 kumbuyo. Ma airbag a kumbuyo, matumba a mpweya othandiza masipuling'i, amene ambiri amathamangira kuika amangowongola maonekedwe. Sawonjezera paundi ngakhale imodzi pa malire a ekisero, matayala kapena mabuleki.

Ndiye F-150 ichoke pa mndandanda. Ndikunenetsa.

Dizilo kapena petulo

Apa ndi pamene anthu amadzimanga okha. Amakwera ku F-250, Ram 2500 kapena Silverado 2500HD, n'kuwonjezera ndalama zoposa madola 9,000 kuti apeze dizilo, poganiza kuti agula chilombo. Injini ya dizilo, kaya 6.7 Power Stroke ya Ford, 6.7 Cummins ya Ram kapena 6.6 Duramax ya GM (kampani yopanga Silverado), imalemera mapaundi mazana angapo kuposa ya petulo, ndipo kulemera konseko kumachotsedwa pa payload. Mapikapu ambiri a gulu la 2500, makamaka a zaka zam'mbuyomu, GVWR yawo inkaima pa 10,000. Zotsatira zake, 2500 ya dizilo yodzaza ndi zokongoletsa imatha kukhala ndi payload ya 2,100 basi, yochepera 2,235 yathu ija. Galimoto yomweyo ya petulo kawirikawiri imafika cha m'ma 3,000.

Sindikunyoza dizilo. Ili ndi turbo, choncho kumapiri sipuma wefuwefu, pamene injini ya petulo yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mafiti 1,000 alionse okwera. Pa Eisenhower Tunnel ku Colorado, pamwamba pa mafiti 11,000, mumakhala mwataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Potsika, exhaust brake ya dizilo, buleki yogwiritsa ntchito injini yomwe, imagwira ngolo popanda kuwotcha mabuleki. Imamwanso mafuta ochepa pokoka, ndipo mumathira pa mapampu a mathiraki pomwe pali malo okhotera, chinthu chimene mudzachiyamikira tsiku loyamba kulowa pa filling station yopanikiza ndi kalavani. Koma dizilo ya masiku ano imafuna DEF, madzi apadera oyeretsera utsi, ili ndi sefa ya mwaye, DPF, imene imadziyeretsa injini ikatentha paulendo wautali. Mukamangoiyendetsa mamailosi asanu kupita kuntchito m'chisanu cha Indiana, sefayo imatsekeka, ndipo kukonza kwake n'kodula. Mafuta a injini amalowa ochuluka, masefa a dizilo amasinthidwa pafupipafupi. Munthu wokoka kalavani kasanu kapena kasanu n'kamodzi pachaka kupita ku nyanja ya Michigan sadzabweza ndalama imeneyo.

Mainjini a petulo a gulu limeneli si ofooka. Ford inabweretsa 7.3 mu 2020, GM 6.6 ya petulo chaka chomwecho, Ram ili ndi 6.4 Hemi. Onsewa amakoka mapaundi 9,500 osadandaula. Pachitunda giya imatsika, injini imalira kwambiri, musachite mantha, inapangidwa kuti izigwira ntchito pamenepo. Ngati pali kusankha, tengani magiya a ekisero a 4.10 kapena 4.30 m'malo mwa 3.55 kapena 3.73.

Za matayala ndinene pang'ono, chifukwa pa galimoto yogwiritsidwa kale ntchito mwini wake woyamba amatha kuikapo okongola koma ofooka. Pafunika olimba osenza katundu, olembedwa LT, Load Range E, amene kumbuyo amapopedwa mpaka 80 psi kapena monga kapepala kakunenera. Onaninso hitch: mapikapu amenewa ambiri bowo lake ndi la mainchesi 2.5, mpira wa kalavani yotere ndi wa 2 5/16, ndipo pansi pa hitch pali malire akeake olembedwa.

Yankho lanu ndi ili, achimwene. Gulani F-250 kapena 2500 ya petulo, ya zitseko zinayi, yokhala ndi brake controller ya kufakitale, soketi ya mapini 7 yolumikizira magetsi a kalavani ndi magalasi otambasuka, ndipo kapepala kachikasu kasonyeze 2,800 kapena kuposa. Ngati mtima wakakamira dizilo, kapena mukulota fifth wheel m'tsogolo, kalavani yaikulu yomangirira m'bodi ya pikapu, dumphani mupite ku F-350 kapena 3500 ya tayala limodzi mbali iliyonse kumbuyo, mtengo susiyana kwambiri. Mukamangirira kalavani koyamba, itadzaza ndipo banja lonse lili m'kati, pitani pa CAT Scale, sikelo ya galimoto ya pamalo oimapo mathiraki, muyeze ekisero iliyonse, muyerekeze ndi GAWR, malire a ekisero iliyonse, yolembedwa pa chitseko chomwecho.