Mayi a ku Chipoka, kuleza mtima si kulekerera mwana

Mayi ena a ku Chipoka andilembera imelo. Mnyamata wawo wa zaka 10 amanyamuka m'mawa atavala yunifolomu, koma amakathera kudoko kukoka khoka ndi asodzi, madzulo n'kubwera ndi kambale ka usipa. Akalipa, akwapula, osasintha. Funso lawo ndi lakuti: poti Mkhristu ayenera kuleza mtima, kodi angomusiya?

Ayi mayi, musamusiye. Wansembe Eli ankadziwa zonyansa za ana ake Hofeni ndi Finehasi. Anawadzudzula ndi pakamwa pokha, osawaletsa, ndipo pa 1 Samueli 3:13 Mulungu akumuweruza chifukwa cha zomwezo. Kunyanjako kuli likodzo, ndipo mwera ukawomba ngakhale akuluakulu amamira. Mwana wa zaka 10 sayenera kukhalako yekha.

Koma mkwapulo wa tsiku ndi tsiku wakupatsani chiyani? Paulo pa Akolose 3:21 akuchenjeza kuti tisaputse ana, angataye mtima. Mwana wotaya mtima amaphunzira kunama mwaluso, basi. Ndipo kawirikawiri timamenya chifukwa tatopa, tasowa ndalama ya chimanga, kapena aneba atiseka. Yakobo 1:20 akunena kuti mkwiyo wa munthu suchita chilungamo cha Mulungu.

Ndiye mtima ukadzaphwa, mutatha kudya, mumufunse chimene chikumukokera kudoko. Mwina ndi njala ya m'mawa. Mwina m'kalasi sakutha kuwerenga ndipo anzake amamuseka, pamene kudoko amamuyamikira kuti ndi wamphamvu. Mwinanso, ndipo ichi n'chowawa, waona kuti usipa wake mumaphika ndithu. Ngati mwaulandira usipawo madzulo, mukamukwapuliranji m'mawa?

Kuleza mtima kumene ndikunena kuli ndi ntchito. Mumuperekeze mpaka pakhomo la kalasi, mawa, mkuja, ngakhale mwezi wathunthu. Mukaonane ndi aphunzitsi ake kuti azikuuzani akajomba. Bambo ake kapena amalume apite kudoko akalankhule ndi mwini khoka. Loweruka angathe kupita kunyanja ndi wamkulu wodalirika, chifukwa kukonda ntchito si tchimo.

Adzajombabe tsiku lina, mungodziwiratu. Tsiku limenelo mudzapemphere musanatsegule pakamwa, mumulange monga munagwirizana, m'mawa mwake mumuperekezenso. Ndipo Lachinayi kumvano mukauze amayi anzanu, kuti pa masiku amene inu muli kumsika pazipezeka womuperekeza.