Lamba woyezera BP anandilanda masiku atatu a tchuthi

Mayi amene mukufunsa ngati mulembetse pulogalamu ya kuntchito yoyeza thanzi la ogwira ntchito n'kupereka mphotho, ine ndinalembetsa, ndipo mpaka lero ndikaona sikelo mtima umandiwawa. Ku dipatimenti yathu mphotho inali masiku atatu owonjezera a tchuthi kwa aliyense amene BP, shuga ndi kulemera kwa thupi lake zapezeka pamlingo umene iwo anaika. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ndinkayenda wapansi m'mawa uliwonse, kupitirira ndithu mphindi 150 pa sabata zimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa, ndipo mchere ndinachepetsa mpaka ana kunyumba anayamba kudandaula.

Tsiku loyeza anatisonkhanitsa tonse m'chipinda cha misonkhano, popanda ngakhale katani yotchinga. Ndinafika mochedwa chifukwa abwana anali atandituma mafayilo, ndinakwera masitepe ndili wefuwefu, ndipo ndisanakhazikike n'komwe namwino anandikulunga pamkono lamba wamng'ono amene ankachita kukanika kutseka. Makina anasonyeza 162/98. Aliyense wodziwa ntchitoyi amadziwa kuti munthu ayenera kukhala phee mphindi zisanu asanayezedwe, kuti lamba wothina amakweza manambala, komanso kuti kuthamanga kwa magazi satsimikiza ndi muyeso wa tsiku limodzi. Koma mkulu woona za ogwira ntchito, amene sanaphunzirepo zachipatala, anatsomphola pepalalo n'kuwerenga mokweza, kenako n'kunena kuti, "Inu ndiye mudzatifera pa desiki." Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Ine ndinangoima pamenepo nsapato zili m'manja, popeza ndinali nditavula kuti ndikwere pa sikelo, ndipo pakati pa osekawo panali achinyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha ntchito.

Mkulu ameneyo sanapepese, ndipo patapita miyezi iwiri anachotsa dzina langa pamndandanda wa opita kumaphunziro, amvekere akundiderera nkhawa za thanzi. Chifundo chamtundu wanji chimenecho? Tchuthi chinapita kwa anyamata amene ankasewera mpira kale pulogalamuyo isanabwere, ndipo zimenezi si zachilendo. Kafukufuku wa ogwira ntchito pafupifupi 5,000 a pa University of Illinois, amene anasindikizidwa mu 2019, anapeza kuti amene ankalowa m'pulogalamu yotereyi ndi amene anali ndi makhalidwe abwino a thanzi kale, ndipo ndalama zowonongedwa kuchipatala sizinatsike.

Komabe lembetsani, mayi. Ndikunena izi monyinyirika, chifukwa manyazi omwewo ndi amene anandipititsa kuchipatala kuti ndikamutsutse mkulu uja, ndipo kumeneko atandiyeza moyenera pa masiku awiri osiyana anapeza 146/92, kupitirira malire a 140/90, moti pano ndili pa mankhwala. Musanasaine, funsani kuti akulembereni amene adzaone zotsatira zanu, ndipo ngati pali dzina la munthu aliyense amene si wachipatala, kanani. Funsaninso ngati mphothoyo ikuperekedwa chifukwa chotenga nawo mbali kapena chifukwa cha manambala, pakuti kulemera ndi BP zimayenderanso msinkhu, chibadwa ndi mankhwala ena amene munthu akumwa. Tsiku loyeza mufike molawirira, musamwe khofi, mukhale pansi kaye, ndipo lamba akakhala wothina muwauze kuti abweretse wamkulu asanadine batani.