Usilikali, ujaji ndi uphungu: mwana ayambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Limbuli, m'boma la Mulanje. Mwana wawo wamwamuna ali Folomu 4 pa sukulu ya CDSS, ndipo mtima wake uli pa usilikali chiyambire pomwe anaona asilikali akupulumutsa anthu nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Bambo ake akufuna akaphunzire zamalamulo kuti adzakhale jaji. Amalume ake, omwenso akulipira fizi, akuti zonsezo n'zochedwetsa, ndalama zili ku uphungu wa ku Nyumba ya Malamulo. Pofuna kuti asakhumudwitse aliyense, mnyamatayo wanena kuti adzachita zonse zitatu. Mayiwo akufunsa ngati zimenezi n'zotheka, ndiponso kuti mwanayo ayambire pati.

Mayi, n'zotheka ndithu kuti munthu mmodzi adzavale yunifolomu ya usilikali, adzaweruze milandu, kenako adzakhale m'Nyumba ya Malamulo. Koma sangachite zimenezi pa nthawi imodzi, ndipo amene akukaniza si ine ayi, ndi malamulo aakulu a dziko lino. Gawo 51 la malamulowa likunena mosapita m'mbali kuti munthu amene akutumikira m'gulu la asilikali kapena apolisi sangasankhidwe kukhala phungu. Jaji nayenso akafuna ndale amayamba watula pansi udindo. Choncho funso lanu lachiwirilo ndiye lenileni. Pa ntchito zitatuzi, ina khomo lake limatsekeka munthu adakali mnyamata, ina limatseguka munthu atakula kale, ndipo yachitatuyo si ntchito yoti mwana wa Folomu 4 n'kuikonzekera ngati mmene amakonzekerera uphunzitsi kapena unamwino. Mwanayo akamathamangira zonse limodzi, mukumbuke kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Khomo lotsekeka msanga ndi la usilikali, chifukwa kumeneko amayang'ana zaka ndi thupi. A Malawi Defence Force akafuna kulemba anthu amalengeza poyera, ndipo chilengezocho chimatchula malire a zaka, maphunziro ofunika ndi malo okaonekera. Mwana wosakwana zaka 18 samutenga. Amene apitako amawathamangitsa, adokotala n'kuwapima maso, chifuwa, magazi ndi zina, ndipo osankhidwawo amakaphunzira miyezi yambiri asanakhazikike m'mabaraki monga a Cobbe ku Zomba, a Kamuzu ku Lilongwe kapena a Moyale ku Mzuzu. Sukulu yawo yodziwika bwino ndi MAFCO, ku Salima. Pali olowa ngati asilikali wamba, palinso olowa pa mzere wa maofisala, ndipo pa mzere wachiwiriwu maphunziro apamwamba amamuika munthu patsogolo.

Apa ndikuchenjezeni, chifukwa nyengo yolemba asilikali ikafika akamberembere amachuluka m'misika ya Limbuli, Chitakale ndi Luchenza. Wina akabwera n'kunena kuti ali ndi m'bale wake wamkulu ku baraki, mungotumiza kangachepe pa foni dzina la mwana lilowe pa mndandanda, ameneyo ndi wakuba. Musagulitse mbuzi, musapinyolitse munda. Ntchito ya boma sagula, ndipo mwana wolowa mwa chinyengo amakhala ndi mantha mpaka tsiku lomwe adzamutulukire.

Tsopano ndilankhule nawe mnyamata iwe, chifukwa ndikudziwa kuti amayi akuwerengera yankho ili. Zomwe unaona nthawi ya Freddy ndi ntchito yeniyeni ya msilikali, ndipo sunalakwe kuikonda. Koma dziwa kuti si yokhayo. Kuyambira 2013 asilikali athu akhala akutumizidwa kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo pansi pa bungwe la United Nations, kumene mfuti zimalira zenizeni. Mu Novembala 2018, kufupi ndi Beni, asilikali a Malawi 6 anaphedwa pa nkhondo. Mmodzi wa iwo anali Chancy Chitete, yemwe anawomberedwa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Mu 2019 a United Nations anamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ya kulimba mtima koposa, koma oilandira anali a kubanja kwake. Ukamati ndikufuna usilikali, uzinena ukudziwa zimenezi, ndipo ukhale pansi ndi amayi ako mukambirane osabisana. Udziwenso kuti msilikali sasankha kokhala. Lero uli ku Zomba, mawa akuti nyamuka wa ku Karonga, ndipo maliro ena a kumudzi udzangowamva pa foni.

Chimene chikundikondweretsa pa nkhani yanuyi n'chakuti loto la mwana ndi loto la bambo ake si adani monga mukuganizira pakhomopo. Gulu la asilikali lili ndi nthambi yake ya zamalamulo. Muli maloya ovala yunifolomu amene amalangiza akuluakulu a nkhondo, amaphunzitsa asilikali malamulo oyenera kutsatidwa pa nkhondo, komanso amagwira ntchito m'makhoti a asilikali. Brigadier General Dan Kuwali, amene anatsogolerapo nthambi imeneyi, ndi msilikali komanso pulofesa wa zamalamulo. Ndiye ngati mwanayu angakhoze bwino MSCE, malangizo anga ndi akuti ayambe sukulu ya ukachenjede, atenge digiri, ndipo ngati mtima wa usilikali udakalipo akalowe ali ndi pepala m'manja. Aziwerenga chilengezo chilichonse chikatuluka kuti aziona malire a zaka pa mzere wa maofisala, asadzadzidzimuke atapitirira. Ngati mapointi sadzalola, palibe chamanyazi kulowa ngati msilikali wamba n'kumapitiriza maphunziro ali momwemo, ngakhale kuti kuwerenga uli pa ntchito yotumidwa usana ndi usiku kumafuna khama lalikulu.

Bambo a mwanayu ndiwapemphe adekhe, chifukwa ujaji suyandikira choncho. Palibe sukulu imene munthu amatulukako ali jaji. Amayamba waphunzira zamalamulo, ndipo malo akale odziwika ndi ku University of Malawi ku Zomba, komwe ambiri timangoti ku Chanco. Kwa zaka zambiri mwambo wa kumeneko wakhala woti wophunzira ayambe wamaliza chaka choyamba m'maphunziro ena, akhoze bwino, ndiyeno apikisane ndi anzake kuti alowe ku zamalamulo, komwe amakakhala zaka 4. Masiku ano sukulu zina zomwe si zaboma zikuphunzitsanso zamalamulo, koma musanalipire ndi tambala yomwe funsani a National Council for Higher Education (NCHE) ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka. Makolo ambiri alira atawononga ndalama za tiyi ndi nanazi pa digiri yomwe khoti siliizindikira. Palinso Malawi Institute of Legal Education, yomwe imasula omaliza digiri asanaloledwe kuimira anthu pa milandu.

Akaloledwa, kuwerenga zaka kumayambira pamenepo. Gawo 112 la malamulo aakulu likuti woti asankhidwe kukhala jaji akhale atakwanitsa zaka zosachepera 10 ali ndi chilolezo cha uloya. Amene amasankha ndi mtsogoleri wa dziko, potsatira mayina omwe bungwe la Judicial Service Commission lamupatsa. Muwerengere nokha: mwana wolemba MSCE ali ndi zaka 19, ngakhale zonse zitamuyendera popanda chopunthwitsa, sangafike pa mpando umenewo asanayandikire zaka 35, ndipo ambiri amafikapo mochedwa kuposa apo. Zaka za pakatizo amakhala akugwira ntchito, ena ku ofesi yozenga milandu ya boma, ena ku Legal Aid Bureau kuimira osauka, ena m'makampani a maloya, ena ngati majisitireti. Mayi Anastasia Msosa, omwe mu 2013 anakhala mayi woyamba kutsogolera makhoti onse m'dziko muno, anali atakhala jaji wa bwalo lalikulu kuchokera mu 1992, ndipo asanafike apo anali atagwira kale ntchito zamalamulo m'boma zaka zambiri.

Chinthu chimodzi chomwe mnyamatayu angachite pa holide popanda kulipira kalikonse ndi kukwera minibasi kupita pa boma pa Mulanje, kukakhala pa benchi m'khoti la majisitireti m'mawa wonse. Milandu yambiri imazengedwa poyera. Akaone mmene womasulira amasinthira Chingerezi kupita m'Chichewa, mmene woweruza amalembera mawu a mboni ndi dzanja lake kwa maola, mmene mlandu wa nkhuku kapena wa malire a munda umasinthidwira tsiku kangapo. Ana ena amatuluka m'menemo mtima utayaka, ena amatuluka atadziwa kuti ntchito yokhala pansi ndi mapepala si yawo. Mayankho onse awiriwo ndi aphindu, ndipo ndi bwino kuwapeza pano kusiyana ndi kuwapeza ali chaka chachitatu ku Zomba.

Za amalume ndisachulutse. Kuti munthu aime pa uphungu, gawo 51 lija likufuna kuti akhale nzika ya Malawi ya zaka 21 kapena kuposa, yodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana, komanso yolembetsa m'kaundula wa ovota. Digiri satchulamo. Kuona choncho kumaoneka kophweka, koma mipando ilipo 229 yokha dziko lonse kuyambira pa chisankho cha Seputembala 2025, ndipo zaka 5 zilizonse eni ake amabwerera kwa anthu kukapempha. Aphungu ambiri sabwererako kachiwiri. Malipiro amene amalumewo akuwaona amathera m'mabokosi a maliro, m'mafizi a ana a eni ndi m'ngongole za kampeni, ngakhale kuti lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti. Munthu wolowa uphungu alibe ntchito ina m'manja akagwa pa chisankho amagwa ndi banja lonse. Ndipo ntchito yeniyeni ya phungu, yomwe ndi kupanga malamulo, kuunika bajeti ndi kufunsa nduna mmene ndalama za misonkho zayendera, imamukomera amene anayamba wadziwapo kanthu kwina. Kuno kwathu chitsanzo chili pafupi: Pulofesa Peter Mutharika anaphunzitsa zamalamulo ku America zaka zambirimbiri, ndipo uphungu wa Thyolo East anautenga mu 2009 ali ndi zaka 68. Komanso kudziwika pa ntchito ina sikutanthauza kuti ndale zikulandira. A Lovemore Munlo anasiya udindo wa jaji wamkulu mu 2013 kukapikisana pa utsogoleri wa chipani cha MCP, ndipo sanapambane.

Mwina mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani malamulo amalekanitsa chonchi ntchito zomwe zonse ndi zotumikira dziko limodzi. Mbiri yathu yomwe ikuyankha. Mu Epulo 2012 Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira mwadzidzidzi, panali masiku awiri a chikaiko pa za amene alowe m'malo. Asilikali, pansi pa General Henry Odillo, anaima pa zomwe malamulo aakulu akunena, ndipo Mayi Joyce Banda analumbiritsidwa pa 7 Epulo popanda mfuti kulira. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji 5, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, anawerenga chigamulo chofafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 kuyambira m'mawa mpaka mdima, ndipo owaperekeza ku khoti ku Lilongwe anali asilikali. Ndikudziwa kuti m'midzi yathu ya Mulanje ndi Thyolo alipo amene anakondwa ndi chigamulocho, alipo amene chinawapweteka mpaka lero, ndipo sindikufuna kutsegula mkangano umenewo pano. Chomwe ndikufuna mwanayu aone n'chakuti pa masiku amenewo dziko linadalira msilikali wopanda chipani ndi jaji wopanda chipani. Akanakhala kuti msilikaliyo ndi phungunso wa mbali ina, palibe akanamukhulupirira.

Pa zonse zitatuzi pali zinthu ziwiri zomwe mnyamatayu angataye chaka chino chomwe ngati sasamala. Choyamba ndi Chingerezi. Popanda kukhoza phunziro limeneli satifiketi ya MSCE siituluka, ndipo sukulu za ukachenjede zimafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezicho, kutanthauza giredi ya pakati pa 1 ndi 6. Zamalamulo zimalimbiranidwa kwambiri, moti kirediti ya kumapeto siimufikitsa patali. Pa CDSS mabuku amachepa, ndikudziwa, koma nyuzipepala zakale, mapepala a mayeso a MANEB a zaka zapitazo ndi kulemba chimangirizo chimodzi sabata iliyonse n'kupatsa aphunzitsi kuti achonge zimasintha mwana m'miyezi yochepa. Asanyozenso Masamu ndi Histole.

Chachiwiri ndi dzina loyera. Asilikali amafufuza ngati munthu anapalamulapo. Woimira anthu pa milandu amayenera kukhala wa mbiri yabwino. Ndipo munthu amene khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wa chinyengo m'zaka 7 zapitazo saloledwa kuima pa uphungu. Kwa mnyamata wa ku Limbuli mayesero ake ndi odziwika: likasa pa mayeso, kuzembetsa katundu wa eni pa malire a Muloza pofuna ya sopo, ndi kusintha zaka pa chiphaso cha unzika kuti adzakwane pa chilengezo cha usilikali. Chomalizachi nthawi zambiri amachiyambitsa ndi akuluakulu a pakhomo, poganiza kuti akuthandiza mwana. Mayi, musalole. Zaka zomwe zili pa chiphaso zifanane ndi zomwe zili ku MANEB, ndipo dzina lilembedwe mofanana pa mapepala onse, chifukwa kusiyana kwa chilembo chimodzi kwabwezetsa ana ambiri pa geti.

Amalume muwathokoze chifukwa cha fizi, ndipo muwapemphe kuti mphamvu zawo aziike pa ndalama ya mayeso ndi ya mabuku a chaka chino. Zotsatira zikadzatuluka, mudzandilemberenso magiredi a phunziro lililonse, osati mapointi okha, kuti tidzaone limodzi maphunziro oyenera kulemba pa fomu ya NCHE komanso mmene angapemphere ngongole ya boma ya ophunzira a ku yunivesite.