Mwaika R yatsopano, ndiye yayamba kukwawa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi amene akumaliza maphunziro a masamu. Akuti ataika R yatsopano (pulogalamu yosanthulira manambala) pa laputopu, ntchito yochulukitsa ma matrix (matebulo a manambala) yomwe inkatha asanamalize kumwa tiyi tsopano ikudya ola lathunthu. Akufunsa ngati agule kompyuta ina. Achemwali, ndalamayo isungeni kaye. Funso lanuli lakanda pa chilonda changa.

Mu Epulo 2020, R 4.0.0 itangotuluka, ndinali kuthandiza anzanga kusanthula manambala a mvula ya ku Nkhata Bay ndi ku Rumphi. Ndinaithamangira yatsopanoyo, yakale n'kuifufuta tsiku lomwelo. Mapakeji onse, timapulogalamu toonjezera pa R, anafunika kuikidwanso, bandulo n'kutha usiku umodzi. Pofika Juni, chifunga cha Mzuzu chitakuta Luwinga yense, ndinkakhala nditafunda bulangete, manja ali zii, fani ya laputopu ikungolira, zotsatira osatuluka. Ndinatsikira m'tauni kukagula RAM, memori ya kompyuta, ndi ndalama ya lendi. Palibe chinasintha. Usiku umenewo tulo sindinatione, chifukwa anzanga aja ankadalira ine.

Anandipulumutsa ndi mnzanga amene anandikonzera laputopuyo zaka ziwiri m'mbuyomo. Iye anali atachotsa Rblas.dll, fayilo ya BLAS yobwera ndi R, n'kuikapo ina yotchedwa OpenBLAS, ine n'kuiwaliratu. BLAS ndi gawo lomwe limasenza ntchito yolemera ya ma matrix. Imene imabwera ndi R imagwiritsa ntchito core imodzi yokha (chigawo chimodzi cha processor, ubongo wa kompyuta), pomwe OpenBLAS imagawira ntchitoyo ma core onse. Pa Windows, R iliyonse imalowa mu foda yakeyake, ndi Rblas.dll yake ya poyamba. Khama la mnzangayo linapita ndi foda imene ndinafufuta ija.

Kuyambira pamenepo mtima wanga unauma pa nkhaniyi. Munthu amene watsala ndi miyezi iwiri kuti apereke thesis asasinthe pulogalamu, olo anzake a m'kalasi amuseke kuti ngwotsalira. Zimandiwawa kuona mwana wa eni ake, makolo atagulitsa chimanga kuti amulipirire fizi, akutaya masabata atatu chifukwa wina anangomuuza kuti yatsopano ndiye yabwino. Wonenayo sakhalapo pamene zinthu zavuta.

Ndipo kuno tili ndi vuto lina limene anzathu akunja saliganizira. Magetsi akathima, laputopu imagwera pa batire, Windows n'kuchepetsa liwiro la processor kuti moto ukhalitse. Ndaonapo anthu akuyerekeza R yakale imene ankaigwiritsa ntchito magetsi alipo ndi yatsopano ili pa batire, n'kuiweruza yosalakwa.

Zoti muyese

Lumikizani laputopu ku magetsi. Ngati R yakale ikadalipo, musaifufute, ziwirizi zimakhalira limodzi bwinobwino. Thamangitsani ntchito imodzimodziyo mu zonse ziwiri mkati mwa system.time(), lamulo la R loyezera nthawi, ndipo Rprof() ikuonetsani pamene nthawi ikuthera. Tsegulani Task Manager ya Windows ntchito ili mkati: ngati core imodzi yokha ndiyo ikutuluka thukuta, lowani mu bin\x64 ya mafoda a R yakale ndi yatsopano muyerekeze kukula kwa Rblas.dll. Mufunsenso amene anakuikirani R poyamba ngati anasinthapo kanthu. Mukapeza manambala a system.time(), munditumizire tiwaonere limodzi.