Funsani Achemwali: Agogo amene anakadula malo ku Kansas ndiwapeza bwanji?

FUNSO: Zikomo achemwali. Ine ndine Mmalawi koma ndinakwatiwa kuno ku America, bambo akunyumba ndi mmodzi mwa anthu akuda akonkuno. Apongozi anga aakazi amakonda kukamba za agogo a amayi awo, ati anachoka ku Kentucky cha mma 1878 ali wamasiye ndi ana awo nkupita ku Nicodemus ku Kansas komwe anakapeza malo awoawo nkumalima. Vuto ndi loti dzina lomwe tikudziwa ndi la amuna awo basi, la kwa makolo awo palibe akulidziwa. Apongozi akalamba ndipo ana anga ayamba kufunsa. Ndiyambire pati? Mayi wa ana awiri, Wichita.

YANKHO: Mayi, musanatsegule kompyuta khalani pansi ndi apongoziwo, yatsani foni muwajambule mawu, asiyeni ayankhule olo azibwereza zomwezomwezo. Afunseni mayina a abale onse amene akuwakumbuka, tchalitchi chomwe ankapemphera, manda ali kuti, komanso ngati kuli Baibulo lakale la pabanja chifukwa anthu akumeneko ankalemba masiku obadwa, a ukwati ndi a maliro mmasamba a mBaibulomo.

Vuto mwalitchulalo ndiye mutu wa nkhani yonse. Kwathu mayi akhoza kukwatiwa kangapo koma amakhalabe Naphiri kapena Nabanda mpaka kumanda, pomwe kumeneko mkazi akangokwatiwa dzina la kwawo limazimiririka mmapepala a boma. Nde musayambe nkusaka agogowo mwachindunji, muwazungulire kudzera mwa ana awo. Kansas inayamba kusunga masatifiketi a imfa a dera lonse mu 1911, ndipo pa satifiketi pamalembedwa dzina la mayi wa malemuyo asanakwatiwe. Pezani a ana awo onse osati wa mzere wanu yekha, chifukwa amene ankapereka uthenga pamaliro pena amakhala mpongozi wosadziwa kanthu, pepala lina lingolemba kuti sizikudziwika pomwe la mchimwene wake lili ndi dzina lonse. Mwana wina ngati anakhala ndi moyo mpaka kudutsa 1936 mwina analembetsa Social Security, ndondomeko ya boma ya penshoni ya okalamba, fomu yake ya SS-5 imafunsanso mayina a makolo onse awiri ndipo iyoyo ndimaikhulupirira kwambiri poti amayankha ndi mwini wake ali moyo.

Mukatero pitani pa kalembera. America imawerenga anthu zaka 10 zilizonse ndipo mayina amawatulutsa pakatha zaka 72, pa tsamba la pa intaneti lofufuzira mbiri za mabanja la FamilySearch mukhoza kuwaona ulere. Yambani ndi wa 1900 mu Graham County komwe kuli Nicodemus (county ili ngati boma kwathu), ameneyu ndi wabwino chifukwa amanena mwezi ndi chaka chobadwa komanso kuti mayi anabereka ana angati ndipo amoyo ndi angati, pamenepo mudzadziwa ngati kuli ana ena omwe banja linawaiwala. Wa 1890 musavutike naye, pafupifupi yense anawonongeka ndi moto ku Washington mu 1921, koma mwayi wanu ndi woti Kansas inkachitanso kalembera wakewake mu 1885 ndi 1895 nde mpatawo mumautseka. Wa 1880 udzakuonetsani amene ankakhala nawo pakhomo ndi ubale wawo. Musangowerenga mzere wa agogowo nkutseka, onaninso makomo oyandikana nawo. Anthu a ku Nicodemus anabwera mmagulu mu 1877 ndi 1878, ambiri kuchokera cha ku Lexington ndi Georgetown, ndipo mayi wamasiye wa ana samangonyamuka yekha ulendo wotere, mwina panali mlongo kapena mchemwali pafupi.

Pa nkhani ya malo mpomwe mtima wanga uli. Lamulo la Homestead Act la 1862 linkapereka maekala 160 kwa munthu wa zaka 21 kapena mutu wa banja, akhalepo zaka 5 akulima, ndipo akazi osakwatiwa ndi amasiye ankaloledwa kulembetsa mdzina lawo. Lembani dzina lawo pa tsamba la General Land Office Records la Bureau of Land Management, nthambi ya boma yoona za malo, chikalata cha umwini chikatuluka musakhutire nacho ayi, tengani manambala ake muitanitse fayilo yonse ku National Archives. Mmenemo muli mawu a mwini malo ndi a mboni ziwiri akufotokoza nyumba inali yotani, analima maekala angati, anafika liti pamalopo. Oyamba kufika ku Nicodemus ankakhala mnyumba zokumba pansi chifukwa mitengo kunalibe, nde mukadzawerenga mayi akuuza akalaliki a boma za nyumba yake mudzamva ngati akuyankhula nanu. Mayina a mbonizo alembeni pambali, kawirikawiri amakhala oyandikana nawo kapena achibale. Mukapanda kupeza chikalata sikuti apongozi ananama, ambiri ankasiya malo zaka 5 zisanakwane chifukwa cha chilala, ena ankagula kwa anzawo ndipo zimenezo zimapezeka ku ofesi yosunga zikalata za malo ya Register of Deeds ku Hill City, likulu la Graham County. Ndipo podzawauza ana anu musabise kuti malo amenewa sanali opanda eni, mitundu ngati Cheyenne ndi Arapaho inali itangochotsedwa kumene mzigwa zimenezo.

Kovuta ndi ku Kentucky. Ngati anabadwira muukapolo, kalembera woyamba kuwatchula dzina ndi wa 1870, wa 1850 ndi 1860 akapolo ankangowalemba zaka, khungu ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi pansi pa dzina la mwini wawo. Ukapolo ku Kentucky unatha mochedwa, mu December 1865. Mu 1866 boma lakumeneko linalola mabanja omwe anakwatirana ali akapolo kukalembetsa ukwati wawo kwa kalaliki wa county, nde funsani mabuku amenewo mu county yomwe mwawapezamo mu 1870. Fufuzaninso ngati amuna awo anali msilikali, amuna akuda zikwizikwi analowa usilikali ku Camp Nelson, msasa wa asilikali ku Kentucky komweko, kuyambira 1864, ndipo wamasiye akafuna penshoni ankayenera kutsimikiza kuti anakwatiwa liti, kuti, anawadalitsa ndani, ana anabadwa liti, mwina mpaka kutchula dzina la amene anali mwini wake. Mukalipeza dzina limenelo pitani pa mawilu ndi mapepala ogawa chuma cha masiye a banja limenelo, zimapweteka kuona munthu atalembedwa pamodzi ndi ziweto ndi mtengo wake pambali koma nthawi zambiri ndi momwemo mumapezeka mayi ndi ana ake pamodzi.

Za mindandanda ya mibadwo ya mabanja yomwe anthu amaika pa tsamba la pa intaneti la Ancestry samalani nazo, ambiri amangokoperana zolakwika, chilichonse chopanda pepala muchitenge ngati mphekesera. Ndipo poti muli ku Wichita ku Kansas komweko, kumapeto kwa July chaka chilichonse zidzukulu za anthu a ku Nicodemus zimakumana ku Nicodemus pa chikondwerero cha Homecoming, ngati thanzi likulola atengeni apongozi mupite nawo limodzi ndi mayina onse mwasonkhanitsawo, mukafunsenso a Nicodemus Historical Society ngati banja lanu lili mmabuku awo.