Kodi Glock imaposadi zinzake?

Achimwene, mwafunsa ngati mfuti yaing'ono ya m'manja (pisitolo) ya kampani ya Glock ndi yodalirika kuposa za makampani a Beretta ndi SIG Sauer. Kwa ine, mphamvu ya Glock 17 ili pa kuchepa kwa tizitsulo take: timangopitirira pang'ono 30, ndiye toti tingawonongeke n'tochepa. Beretta 92 nayonso si yamasewera. Asilikali a ku America anaisankha mu 1985, ndipo anadzasankha SIG P320 m'malo mwake mu 2017.

Komatu mfuti ikamakanirira, kawirikawiri vuto silikhala dzina la kampani ayi. Limakhala magazini (kabokosi koikamo zipolopolo) yoti sipuling'i yake inatha mphamvu, zipolopolo zosapangidwa bwino, kapena kusaitsuka. Ngakhale Glock yomweyo imakanirira mukaigwira mofooka, poti chitsulo chapamwamba sichibwerera m'mbuyo mokwanira kuti chikankhe chipolopolo china.